Phala la Achemwali ku Chidikiro

Miyendo ya Faines inayamba kupulupudza mimba ili ndi miyezi isanu. Masana inali miyendo ngati ya munthu wina aliyense. Inkatsikira kudimba, inkakwera chitunda ndowa ili pamutu, osadandaula. Koma dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri, iye n'kukhala pamphasa kuti apumeko, m'akatumba monse munkayamba kuyenda tinthu. Sikunali kuwawa, komanso silinali dzanzi. Zinkakhala ngati linthumbu lalowa m'mafupa ndipo likusowa potulukira. Kukanda kunali kutaya nthawi, chifukwa choyabwacho chinali m'kati mosafika chikhadabo. Akadzuka n'kuyenda, zinkaleka. Akakhalanso pansi, zinkabwerera zitaitana ndi anzawo omwe.

Pamudzi paja, kuseri kwa Malomo kumene Faines anakwatiwako, aliyense anasanduka dokotala. Wina anati amange ulusi wakuda m'miyendo, wina anati aziponda m'phulusa lofunda, wina anati ndi ulesi chabe wothawa kusoka fodya, popeza ntchito imeneyo ndi yokhala pansi tsiku lonse. Anthu a kwathu kuno sasowa chonena pa matenda a mnzawo. Mwamuna wake, Kalebe, anayesako kumusisita miyendo kwa sabata imodzi, mosanyinyirika ndithu. Sabata yachiwiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti fodya wa m'chigafa akufunika mlonda, ndipo anasamutsira mphasa yake kumeneko. Faines sanamuimbe mlandu. Munthu wodzukira kumunda amafuna tulo, ndipo tulo m'nyumba muja munalibe.

Ku sikelo anapeza namwino wina wa kumpoto, dzina lake Wezzie, wochepa thupi koma wosafuna kunena chinthu kawiri. Uyu sanaseke. Anamuyeza magazi, anamuyang'ana m'zikope, n'kufunsa ngati amadya dothi.

"Pang'ono chabe," anatero Faines, amene ankamaliza chigulumwa chathunthu cha pachulu tsiku lililonse.

"Pang'onopo musiye, mayi. Magazi anu achepa, ndipo nthawi zambiri miyendo imachita zimenezi magazi akachepa. Mapiritsi awa muzimwa tsiku ndi tsiku, osati ndi tiyi. Tiyi wamadzulo musiyiretu. Muzidya bonongwe, nyemba, chiwindi mukachipeza. Madzulo muziwongola miyendo, muziyendako, wina azikusisitani. Mankhwala amphamvu oletsa zimenezi alipo, koma sindingakupatseni muli chonchi. Angapweteke mwana."

"Ndiye zidzatha liti, anesi?" anafunsa Kalebe, amene anali atabwera chifukwa sikelo ya masiku ano imafuna amuna.

"Kwa ambiri zimatha zokha mwana akabadwa."

Mwa zonse zimene namwino ananena tsiku limenelo, Kalebe anatola mawu amenewa okha n'kupita nawo kunyumba.

Faines anatola zonse, ndipo anali ndi chifukwa chake. Zaka zitatu m'mbuyomo mwana wake woyamba anagona mopingasa. Anachedwa kufika kuchipatala, ndipo atamung'amba anatulutsa mwana atapita kale. Anatsala ndi chipsera pansi pa mchombo ndi manja opanda kanthu. Mimba yachiwiriyi inachedwa kubwera mpaka apongozi anayamba kuyankhulira m'mbali. Tsono dothi analisiya, ngakhale kuti mvula ikagwa fungo la chulu linkamudzaza malovu m'kamwa. Tiyi anamusiya. Mapiritsi ofiira aja ankamuchititsa nseru, koma sanadumphe tsiku ngakhale limodzi. Mayi wina pa Malomo anamunong'oneza za timapiritsi togonetsa ta m'golosale, iye anathokoza n'kukana. Miyendo inachepako ukali pang'ono, koma kuleka ayi. Miyezi inadutsa akugona tulo toduladula, maso analowa m'kati, nthawi zina ankayenda akulira kuzungulira nkhokwe. Koma mumtima munali mawu amodzi okha, oti bola mwanayu afike ali moyo.

Madokotala anamulembera tsiku. Chifukwa cha chipsera chija sankafuna kuti matenda amuyambire kunyumba. Anamuuza kuti akadikirire kuchipatala, ndipo tsiku lolembedwalo likakwana adzamuchita opareshoni matenda asanayambe n'komwe. Ku chidikiro, nyumba imene amayi apakati amadikiriramo nthawi yawo, munthu sapita yekha. Pamafunika gadiyani wophika, wochapa, wothamanga kukaitana anamwino zikavuta. Apongozi anadzipereka ndi pakamwa pokha. Faines sanaganize kawiri, popeza chibale ndi fupa, sichiola. Anatumiza uthenga kwawo ku Chezi, kwa mkulu wake Diana.

Diana ndiye anamulera. Mayi awo atamwalira Faines ali ndi zaka zinayi, Diana anasiya sukulu n'kumubereka kumsana, kupita naye kumunda, kumtsinje, ngakhale kokaonana ndi mnyamata amene anadzamukwatira. Anali mayi wa manja olimba ndi pakamwa posachedwa kuyankha, wa ana asanu, onse obadwa popanda mpeni, ndipo chimenechi sankachedwa kuuza munthu ngakhale wongokumana naye m'minibasi. Anafika kuchipatala ndi mtolo wa nkhuni, mapoto awiri ndi botolo la mafuta odzola. Faines atamuona akutsika pa kabaza, anapuma mozama kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri.

Chidikiro chinali chipinda chimodzi chachitali, mphasa kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, amayi oposa makumi atatu, aliyense ndi mimba yake ndi gadiyani wake. Malo otere safuna munthu woyendayenda. Faines akadzuka ankadumpha miyendo ya anzake, pobwerera n'kuidumphanso, chitseko chikulira nthawi zonse ziwiri. Pofika tsiku lachitatu anali atapatsidwa dzina loti Alonda. Pofika lachisanu amayi anamupempha, ndi ulemu wa mano okha, kuti asamukire pakhonde. Mmodzi yekha ndi amene sanadandaule, Nafisa, mkazi wa mwini golosale wa ku Madisi, amene ankayembekezera mapasa ndipo anali atatsanzikana kale ndi tulo. Iyeyu anakoka mphasa yake n'kudzayala pakhonde pomwepo, akuti m'kati muja mpweya unali wobwerekana.

Kunena zoona, Diana anagwira ntchito. Madzulo aliwonse ankakhazika miyendo ya mng'ono wake pamwendo pake n'kuisisita ndi mafuta mpaka zala kuuma.

"Miyendo imeneyi ndi yakale lomwe," ankatero, akuuza Nafisa. "Ali kamwana ankandimenya nayo m'nthiti ndili naye kumsana. Ndikamutsitsa, kuthawa. Ndikamubereka, kupalapasa. Lero mukudabwa chiyani?"

"Achemwali, mukundiyalutsa pagulu."

"Gulu lake liti? Tilipo atatu, asanu ndi mmodzi tikawerenga a m'mimbawa."

Nafisa ankaseka atagwira mimba ndi manja onse awiri, kupempha kuti asiye asanaberekere pakhonde. Kusisita kukakanika, Diana ankanyowetsa chitenje pamjigo n'kukulunga akatumba aja. Chitenje chikakanika ankadzuka naye, awiri kuzungulira mjigo, kukafika pa mtengo wa mango, kubwerera, mwezi wa Epulo mphepo ya m'mapiri itayamba kale kuluma. Masana Faines ankatha kuba tulo pang'ono, koma Diana ayi, chifukwa masana ndiyo nthawi ya gadiyani yotunga, yochapa ndi yolimbirana mafuwa kukhitchini. Tsiku lina anawodzera pamoto n'kupsereza mpendero wa chitenje.

Ndiye panalinso foni. Mwamuna wa Diana ankaimba m'mawa ndi madzulo, nkhani yake imodzimodzi. Soya wauma, akuthetheka yekha m'munda, ana sakukwanitsa, kodi kumeneko amene akubereka ndiwe?

"Muzipita, achemwali," anatero Faines tsiku lina atamva mawuwo akutuluka m'foni. "Ndiitanitsa wina."

"Ndani? Apongozi ako aja? Khala chete iwe. Ndinakusiyapo liti?"

Lolemba lililonse namwino Wezzie yemwe uja ankasonkhanitsa amayi a pachidikiro ndi magadiyani awo pansi pa mango n'kuwaphunzitsa. Lolemba lachitatu nkhani inali ya mwanamphepo, muzu umene amayi ena amathira m'phala kuti matenda ayambe msanga. Anati umakoka chiberekero mosapumira, ndipo kwa mayi wa chipsera zili ngati kukoka chitenje chosokedwa kale pamsoko pake penipeni. Ponena zimenezi anayang'ana Faines, ndipo Faines anagwedeza mutu.

Pobwerera Diana anatsonya. "Ana a sukuluwa! Iyeyo anaberekapo? Ine asanu onse ndinamwera womwewo. Ndinang'ambika pati?"

"Inu mulibe chipsera, achemwali."

"Chipsera cha zaka zitatu chinapola kalekale. Ukanamwako pang'ono, mwina ukanabereka wekha ngati akazi anzako, mpeni osauona, miyendo n'kupuma."

Faines anaima. Anagwira mkulu wake padzanja, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Achemwali, ine ayi. Ndapirira miyezi inayi. Kwatsala masiku khumi. Kaya miyendoyi iduke, ndidikira tsiku limene andilembera. Mwandimva?"

"Nanga ndani wakupatsa? Ndimangocheza ine," anatero Diana, n'kuyamba kudandaula za tomato wa pageti, kuti ngwofinyika.

M'mawa mwake kunabwera Kalebe pa njinga, atamanga ufa, nkhuni ndi kathumba ka mtedza. Anakhala pamphepete pa khonde n'kuyang'ana mkazi wake, amene anali atatsamira khoma ndi manja, akuwongola mwendo umodzi kenako unzake monga anamuphunzitsira namwino.

"Bwanji miyendo?"

"Chimodzimodzi."

"Kwatsala angati?"

"Naini."

Kalebe anayang'ana kumapiri n'kuusa moyo. Anati fodya ali mbwee m'chigafa, wosankha palibe, anzake onse adinda kale mabelo. Anati nyumba yazizira. Kenako anati akatule katundu kukhitchini, ndipo alamu ake anamuperekeza. Faines anawaona akulowera kuseri kwa chipupa, ndipo anachedwako ndithu. Mtima wokhulupirira ndi wopusa bwanji! Iye anasangalala kuti mwamuna wake ndi mkulu wake amamvana, pamene m'mabanja ena sapatsana ngakhale moni.

Lachitatu m'mawa Diana anabwera ndi phala la nsinjiro m'kapu yaikulu, lotentha bwino, la shuga wochuluka kuposa masiku onse. Linali loterera pang'ono palilime.

"Ufa wake ndi wachilendo," anatero Faines.

"Ndi wa chimanga chatsopano umene abwera nawo alamu dzulo. Imwa lisanazizire."

Anamwa lonse, mpaka kukombeza ndi chala. Diana anaimirira pambali mpaka kapu itatha, n'kupita nayo nthawi yomweyo kukatsuka pamjigo.

Dzuwa lili paliwombo msana unayamba. Poyamba Faines anayesa ndi kutopa. Koma pasanathe ola mimba inauma gwa, ndipo ululu sunkabwera n'kupita ngati mmene anaudziwira pa mimba yoyamba. Wina unkabwera unzake usanachoke. Diana anati kudakali msanga, mwana sabadwa ndi ululu woyamba, angoyendayenda kaye. Nafisa ndiye sanamvere. Anadzikoka ndi mapasa akewo, atagwira khoma, kukaitana anamwino.

M'chipinda choberekera Wezzie anaika dzanja pamimba ya Faines, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mayi, mwamwa chiyani?"

"Palibe, anesi. Mapiritsi anu okha."

"Ndiuzeni zoona, sindikukalipirani. Mimba siichita chonchi yokha. Mwamwa chiyani?"

"Ndikulumbira pali Mulungu! Funsani achemwali anga, ndi amene amandiphikira."

Wezzie anatembenukira kukhomo, kumene Diana anaima atagwira chitenje pakamwa. "Agadiyani, mwawapatsa kanthu?"

"Ayi," anatero Diana. "Phala basi."

Namwino sanafunsenso. Anatuma mnzake kuthamangira dokotala, iye n'kuyamba kubaya diripi. Ali m'kati mochita zimenezo Faines anamva chinthu chikung'ambika m'kati, pansi pa mchombo, ndipo ululu wonse unaleka kamodzi. Anaganiza kuti Mulungu wamumvera chisoni. Kenako anamva namwino akufuula mayina a anthu, bedi likuthamanga, denga likudutsa pamwamba pake, ndipo zitatero sanadziwenso kanthu.

Anatsitsimuka tsiku lotsatira ali m'wodi, thumba la magazi likulendewera pambali pake. Dokotala, bambo wa imvi za m'mbali, anakoka katani n'kukhala pampando. Sanazungulire. Chipsera chinang'ambika. Mwana anali wamwamuna, wokhwima bwino, koma anamupeza atapita. Magazi sankaleka, ndipo kuti apulumutse moyo wake anachotsa chiberekero. Anati chomalizachi sanauze wachibale aliyense, chifukwa mwini nkhani ndi amene ayenera kuyamba kumva. Anafunsa ngati wamvetsa, ndipo Faines anavomera ndi mutu.

"Mwanayo ali kuti?"

Dokotala anati gadiyani wake ndi amayi ena awiri achikulire anali atakamuika kale m'mawa. Faines ankadziwa mwambo wake. Mwana wobadwa atafa ndi mtayo. Amaikidwa ndi amayi okha, popanda bokosi, popanda nyimbo, mayi wake osamuona.

Patapita kanthawi Wezzie anabwera kudzasintha diripi. Anagwira ntchito yake mwakachetechete, ndipo atamaliza anaima pang'ono.

"Mayi, ine ndinakukhulupirirani. Mwa onse a pachidikiro paja, inu ndi amene ndinkati mumamva."

Sananene mokalipa, ndipo akanakalipa zikanakhala bwino. Faines anafuna kuyankha, koma namwino anali atapita kale pa bedi lina. Anangogona chagada. Miyendo inali zii pansi pa bulangete, kwa nthawi yoyamba pa miyezi inayi, ndipo anaida. Ngati sanamwe kanthu, nanga chinachitika n'chiyani? Maganizo ake ankafika pa kapu ya phala ija n'kubwerera, ngati mbuzi yokana kuwoloka ulalo. Achemwali ayi. Wina aliyense, koma achemwali ayi.

Masana kunalowa Nafisa, akuyenda mokhwekhwereza mapazi, ndi fulasiki ya madzi ofunda. Anakhala pampando uja movutikira n'kuyang'ana zala zake nthawi yaitali.

"Anzanga, ndili ndi mawu, koma ndikuopa kukuwonjezerani bala."

"Nenani."

"Lachiwiri lija ndinali kuseri kwa khitchini, ndikuyanika mbale. Amuna anu anatulutsa kaphukusi ka nyuzipepala m'thumba la jekete n'kupatsa achemwali anu. Ndinamva akuti, 'Alamu, akuti theka lokha likwana.' Ine ndinayesa ndi soda wa therere. Dzulo m'mawa phala lanu anaphikira pa mafuwa a kumapeto, m'kapoto kakang'ono. Lawo anaphika padera. Ndikanadziwa, anzanga! Usiku wonse ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinene kapena ndisanene. Koma amayi kuchidikiro akuti munamwa nokha mobisa, ndipo achemwali anu akumva, osatsutsa."

Faines sanadabwe, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka kuposa zonse. Mtima wake unali utadziwa kale, unkangodikira mboni. Analipo awiri tsono. Wina anapalasa nawo muzu zitunda zonse zija, wina anathiramo shuga kuti usamveke. Akanakhala mdani, akanadziwa pomuika. Koma awa anali anthu amene ankagona pakati pawo osatseka chitseko. Anamuuza mkulu wake ayi m'Chichewa chomveka, atamugwira dzanja, ndipo iye anamva, n'kuona kuti ayi wake ndi wa mwana wokana kusamba. Mkwiyo unakwera kuchokera pabala penipeni mpaka kukhosi, ndipo sanadziwe kuti munthu wopanda magazi angakhale ndi mkwiyo wochuluka chotero.

Nthawi yoona odwala itakwana, analowa limodzi. Diana anali patsogolo ndi beseni la zitenje zochapa, Kalebe m'mbuyo, fumbi la njinga lili m'mapazi. Maso a Diana anali otupa.

"Waswera bwanji, mng'ono wanga?"

"Anali wamkulu bwanji?"

"Ndani?"

"Mwana wanga. Inu mwamuona, ine ayi. Anali wamkulu bwanji?"

Diana anaika beseni pansi. "Anali bwinobwino. Tsitsi lambiri."

"Munathira theka lokha monga anakuuzirani, kapena wonse?"

Kalebe anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja. Diana anayang'ana kukhomo ngati woitanidwa. Kenako mawu anatuluka onse pakamodzi.

"Faines, ine ndinkakuona. Iwe sunkadziona. Unkayenda ukulira, pamjigo paja unagwa kawiri. Anesi ananena okha kuti mwana akabadwa zitha. Ndinati ndikufupikitsire masiku. Ine asanu onse..."

"Ndinakuuzani kuti ayi."

"Unali wotopa, sunkadziwa chimene unkanena."

"Nanga anesi atakufunsani? Ndili pabedi paja, ndikulumbira, ndikutchula inu ngati mboni yanga?"

Diana anatsitsa mutu. "Ndinachita mantha."

"Nanga lero kuchidikiro, akunena kuti ndinapha mwana wanga ndekha, mukuchitabe mantha?"

Diana anawerama n'kugwira beseni lija.

"Soya uja mukamupeza, achemwali. Sanathe kuthetheka."

"Usatero, Faines. Usatero!"

Kalebe anasendera pafupi ndi bedi. "Mayi, sitinkafuna zoipa. Alamu anandiimbira, anati ambiri amamwa ndipo sizivuta. Ine ndinangonyamula."

"Munangonyamula. Inu munalipo tsiku limene ananditulutsa mwana woyamba uja. Chipsera mumachidziwa kuposa munthu wina aliyense. Kuchokera ku Malomo mpaka kuno simunatsike panjinga paliponse n'kuganiza?"

"Ndinkafuna ubwere kunyumba," anatero Kalebe, ndipo choipa chake n'chakuti mwina zinali zoona.

Apa nkhope ya Faines inayamba kusweka. Diana ataona anathamangira kumutu kwa bedi n'kumugwira phewa, mawu ake atabwerera mwakale, a mkulu amene amadziwa zinthu.

"Ayi, ayi, usalire. Zimenezo ndiye ayi. Tikalipire, titukwane, ine undimenye ngati ukufuna, koma usalire. Mtayo sitiulira, ukudziwa. Akuluakulu amati ukaulira umatseka njira ya anzake obwera m'mbuyo. Udakali mwana iwe. Upola bwinobwino, pakatha chaka kapena ziwiri udzakhala utanyamula wina."

"Zoona," anatero Kalebe mwachangu, ngati wapeza poponda. "Mulungu atipatsa wina."

Faines anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Anazindikira kuti sakudziwa. Anali atayenda kuchokera pageti mpaka m'wodi akutonthozana ndi mawu amenewa, kuti chatayika chatayika, koma china chibwera, ndipo chikabwera nkhani idzaiwalika.

"Kulibe wobwera m'mbuyo," anatero. "Chiberekero achotsa. Njirayo mwatseka kale ndinu."

Dzanja la Diana linachoka paphewa n'kuima m'malere. Kalebe anayang'ana mpando, sanauone, anakhala pansi pa simenti.

Ndipo Faines analira. Sikunali kulira kwa m'wodi, kobisa nkhope m'bulangete. Analira maliro enieni, a munthu wamkulu, mokweza, ngakhale kuti ulusi wa pamimba unkakoka. Anamuitana mwana wake ndi dzina limene anali atalisunga mumtima osauza munthu, Danieli, n'kumamuuza monga amachitira amayi pamaliro, kuti anamudikira bwanji, kuti kunangotsala masiku asanu ndi atatu, kuti muzu ananyamula ndi bambo ake, wophika anali mayi ake aakulu. Amayi a m'mabedi ena anadzutsa mitu. Makanda awiri anayamba kulira nawo. Namwino Wezzie anabwera akuthamanga, anaima pakati pa wodi ndipo anamva zonse, kuyambira jekete mpaka kapoto.

Gadiyani wina wachikulire anamukoka yunifomu. "Anesi, aletseni. Mtayo umenewo."

Wezzie anapukusa mutu.

"Asiyeni alire mwana wawo," anatero.